Lou Thesz ndi lamba amene anamusunga masiku 2,300

Wowerenga wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti amaonera masewera ogwetsana a ku America pa kanema ndipo akudziwa kuti wopambana amakhala atasankhidwa kale. Chikuwazunguza n'chakuti odziwa mbiri ya masewerawa akamatchula Lou Thesz amati anali katswiri weniweni. Funso lawo ndi lakuti: weniweni pa chiyani, poti zonse n'zokonzeratu?

Achimwene, simunalakwe. Ngakhale m'nthawi ya Thesz zotsatira zinkakonzedwa. Koma pangano limafuna kuti onse awiri alisunge, ndipo zinkachitika kuti mmodzi n'kuliswa ali kale m'bwalo, anthu zikwizikwi akuonera. Mbiri ya Thesz yagona pamenepo.

Mu 1925 okonza masewera anali atapereka lamba wa ukatswiri wa dziko lonse kwa Wayne Munn, chimphona chochokera ku mpira wa ku America, chokoka anthu koma chosadziwa kugwetsana. Ku Philadelphia anamukumanitsa ndi Stanislaus Zbyszko wa ku Poland, bambo wazaka zoposa 40, amene anauzidwa kuti agonje. Zbyszko atalowa m'bwalo anangoyamba kumupanikiza Munn pansi mobwerezabwereza mpaka woyimbira anasowa pothawira, n'kuwerenga. Lamba anapita kwa okonza masewera ena opikisana nawo, ndalama n'kumutsatira. Mu 1936 Dick Shikat anachitanso zomwezo kwa Danno O'Mahony mu New York. Eni malondawa anaphunzira mowawa kuti lamba ndi katundu, ndipo katundu sumusungitsa kwa munthu amene angalandidwe masana dzuwa likuswa mtengo.

Thesz ankagawa anzake m'magulu atatu. Ambiri anali osangalatsa anthu basi. Ena, otchedwa shooter, ankatha kupikisana zenizeni. Ochepa kwambiri, otchedwa hooker, ankadziwa magwiridwe othyola mfundo ndi kung'amba minyewa m'kanthawi kochepa. Iye anali wa gulu lachitatuli.

Anabadwa pa 24 Epulo 1916 ku Banat, m'chigawo cha Michigan, n'kukulira ku St. Louis, kumene bambo ake ankasoka nsapato. Anayamba kugwetsana kolipidwa mu 1932 ali ndi zaka 16. Amene anamusula ndi George Tragos, Mgiriki wodziwika ndi nkhanza pophunzitsa, kenako Ad Santel ku California, ndi Ed "Strangler" Lewis, amene pambuyo pake ankayenda naye ngati womuyang'anira. Pa 29 Disembala 1937 anagonjetsa Everett Marshall ku St. Louis n'kutenga lamba wake woyamba wa dziko lonse ali ndi zaka 21. Sanakhalitse naye, anamusiya kwa Steve Casey ku Boston patangotha masabata asanu ndi umodzi.

Kuti mumvetse chimene anzake ankamuopera, taonani kagwiridwe kamene ankakakonda, kotchedwa double wrist lock. Mukayang'anizana ndi mdani, dzanja lanu lamanzere limagwira mkono wake wamanja pamalo povala wotchi. Mkono wanu wamanja umadutsa pamwamba pa wake, kumtunda kwa chigongono, n'kulowa pansi kudzagwira povala wotchi pa mkono wanu wamanzere. Mkono wake upindike ngati ngodya ya nyumba, chigongono chake chikakamire pachifuwa panu. Mukatero mumatembenuka thupi lonse, kukankhira dzanja lake kumsana cholozera kunkhongo. Phewa la munthu silinapangidwe kuti lizungulire mbali imeneyo, ndiye mwina liguluka, mwina fupa la mkono lithyoka. Ophunzira ambiri amalakwitsa pokoka ndi mikono yokha chiuno chili chiimire, ndipo amatopa mdani asanamve kanthu. Ena amasiya mpata pakati pa chigongono ndi chifuwa, mdani n'kuwongola mkono n'kupulumuka. Mdani wochenjera amagwira ntchafu yake kapena kabudula wake, ndiye mumayenera kuyamba mwamasula dzanjalo pokokera kunja. Masahiko Kimura, katswiri wa judo wa ku Japan, anathyola mkono wa Hélio Gracie wa ku Brazil ndi kagwiridwe komweka ku Rio de Janeiro mu 1951, n'chifukwa chake lero ambiri amangokatchula kuti kimura. Chonde, kameneka si koyesera pa mng'ono wanu pakhonde.

Pa masewera okonzeratu, wogwira amasiya dala kampata kaja ndipo satembenuka mpaka kumapeto. Woonera ali patali sangasiyanitse. Wogwidwayo ndiye amadziwa kuti pakati pa sewero ndi chipatala pali masentimita ochepa, ndipo amene akusunga masentimitawo ndi Thesz.

Mu 1948 okonza masewera a m'zigawo zosiyanasiyana anakumana ku Waterloo, mu Iowa, n'kukhazikitsa bungwe la National Wrestling Alliance. Aliyense ankasunga dera lake, koma onse anagwirizana zokhala ndi mwini lamba mmodzi woyendera madera onse. Woyamba anali Orville Brown, amene ankayenera kukumana ndi Thesz mu Novembala 1949, koma anavulala koopsa pa ngozi ya galimoto kutatsala masabata ochepa, ndipo lamba anangoperekedwa kwa Thesz. Anamusunga mpaka pa 15 Malichi 1956, masiku 2,300. M'zaka zimenezi anagonjetsa eni malamba ena a m'madera kuti patsale mmodzi. Pa 21 Meyi 1952 ku Gilmore Field mu Los Angeles, anthu 25,256 analipira madola 103,277 kudzamuona akulimbana ndi Baron Michele Leone, koyamba kuti ndalama zapachipata pa masewerawa zidutse 100,000.

Ntchito ya mwini lamba inali yovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Ankafika mumzinda wachilendo, n'kukumana ndi ngwazi ya pamenepo, nthawi zina munthu amene sanagwiranepo naye. Masewera a lamba ankakhala oti wagwetsa kawiri pa katatu ndiye wapambana, nthawi zambiri m'mphindi 60. Kawirikawiri mwini lamba ankagwetsa koyamba, mwana wa pakhomo n'kubweza kachiwiri, kachitatu belu n'kulira mlendoyo akuoneka kuti watsala pang'ono kugonja. Anthu ankapita kwawo akukhulupirira kuti wawo akanangopatsidwa mphindi zisanu akanatenga lamba, ndipo ankabweranso kudzagula matikiti. Mwini lamba ankatenga 10 pa 100 iliyonse yapachipata n'kukwera sitima kapena ndege kupita kwina. Zimene amagwirizana m'chipinda zinkakhala mathero ndi nthawi. Zapakati ankazilukira m'bwalo momwemo, akumvetsera phokoso la anthu. Ndipo usiku uliwonse ankayenera kukhala tcheru: dzanja la mnzakeyu likulimba kuposa muyeso? Woyimbira, amene ndi wantchito wa mwini dera, akuwerenga mofulumira? Thesz sankalola mapewa ake onse awiri kukhala pansi mosasamala m'dera limene sakulikhulupirira.

Mu 1956 anasiya lamba kwa Whipper Billy Watson ku Toronto kuti apumitse mwendo umene anavulala pakakolo potsetsereka pa chipale, ndipo anamutenganso mu Novembala chaka chomwecho. Chaka chotsatira chinaonetsa mmene mathero ochenjeretsa amabalira mavuto. Pa 14 Juni 1957 ku Chicago, Édouard Carpentier anapatsidwa chipambano poti Thesz akuti wavulala msana ndipo sangapitirize. Pamapeto pake bungwe linanena kuti mwini lamba ndi Thesz, koma madera ena anakakamira Carpentier, ndipo malamba "a dziko lonse" anayambanso kuchuluka, chinthu chomwe bungwelo linakhazikitsidwira kuti lithetse.

Pa 7 Okutobala 1957 Thesz analimbana ndi Rikidōzan, ngwazi ya ku Japan, ku Korakuen mu Tokyo, mphindi 60 popanda wopambana, ndipo 87 mwa nyumba 100 zilizonse zokhala ndi kanema zinkaonera. Anthu a ku Japan anagwa m'chikondi ndi kagwetsedwe kake kotchedwa backdrop. Wogwetsa amaima kumbuyo cham'mbali, mutu n'kuulowetsa kukhwapa kwa mnzake, mikono kuzinga chiuno, chiuno chake chili mmunsi mwa cha mnzakeyo, kenako amanyamula ndi miyendo n'kugwa chagada. Wogwetsedwa ayenera kutsamiritsa chibwano pachifuwa, kufikira kumtunda kwa msana, n'kumenya pansi ndi mikono yonse iwiri kuti mphamvu imwazike. Akazungulira mopitirira pang'ono, amafikira pakhosi. Kumbukirani kuti mabwalo ambiri a nthawi imeneyo anali a nkhonya, olimba ngati pansi pa simenti.

Apa ndiyenera kunena pamene Thesz anaphonya. Atafuna kusiya lamba kumapeto kwa 1957, anaumirira kuti apite kwa Dick Hutton, amene anapambana ukatswiri wa makoleji a ku America katatu. Hutton ankadziwa kugwetsana, koma sankakoka anthu, ndipo zipata zinauma. Kunyoza kwa Thesz anthu ngati Antonino Rocca ndi Buddy Rogers, amene ankadzaza mabwalo ndi masewero awo, ndimakuona kuti kunapitirira muyeso. Malondawa ankadya kuchokera kwa iwowo.

Komabe zitavuta, anamuitananso Thesz. Pofika 1963 lamba anali ndi Rogers, koma okonza masewera Toots Mondt ndi Vincent J. McMahon ankamugwiritsa ntchito kwambiri kudera lawo la New York, madera ena n'kumasowa mwini lamba. Sam Muchnick, mtsogoleri wa bungwe, anafuna munthu amene Rogers sangayerekeze kumuzembera pangano, ndipo anatenga Thesz, ali ndi zaka 46. Anaika masewerawo ku Toronto pa 24 Januwale, n'kuwasandutsa a kugwetsa kamodzi kokha kuti pasakhale mpata wa chinyengo, komanso Rogers anali ndi chikole cha madola 25,000 chimene akanachitaya akanakana. Rogers anagonja. Mondt ndi McMahon anakana zotsatirazo ponena kuti kugwetsa kamodzi sikusintha lamba, n'kuyambitsa bungwe lawo la WWWF, Rogers ali mwini lamba woyamba. Ndilo lija lero mukulidziwa kuti WWE, limene mumaonera pa kanemalo.

Thesz anasiya lamba wa National Wrestling Alliance komaliza kwa Gene Kiniski ku St. Louis pa 7 Januwale 1966. Masewera ake otsiriza anali pa 26 Disembala 1990 ku Hamamatsu, ali ndi zaka 74, ndipo wophunzira wake Masahiro Chono anamugonjetsa ndi STF, kagwiridwe kopinda mwendo ndi kukoka nkhope kamene Thesz yemweyo anamuphunzitsa. Anamwalira ku Orlando pa 28 Epulo 2002, atachitidwa opaleshoni ya mtima.

Mafilimu akale a masewera ake a ku Chicago alipo pa YouTube. Mukamaonera, maso anu akhale pa manja ake ndi pamene waika chiuno, makamaka mphindi zoyambirira, pamene akumuyeza mnzakeyo.