Achemwali, yambani mwatulutsa mbaulayo kuchipinda

Achemwali, mwati mwana wanu wa chaka chimodzi ndi theka akutsokomola usiku ulionse chiyambire kuzizira, maso ali psuu, ndiye mukufunsa mankhwala oti mugule. Ine ndagwira pamene mwanena kuti mumalowetsa mbaula ya makala kuchipinda kuti mwana afunde. Chonde, siyani zimenezo lero lomwe.

Zinandionekera ine zaka zitatu zapitazo kwa apongozi anga ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Kuzizira kwa ku Angonia mwezi wa Juni mukukudziwa. Tinalowetsa mbaula, n'kutseka chitseko, mpata wa pansi pake ndinatsekanso ndi chitenje kuti mphepo isalowe. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka mwana akusanza. Ndimati ndidzuke, miyendo inakana, mutu ngati ukung'ambika, bambo ake kuwagwedeza osayankha bwinobwino. Apongozi ndi amene anamva kulira n'kukankha chitseko. Kuchipatala anamwino anatiuza kuti makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, suoneka ndi maso, umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Ndiye musanamizike kuti poti makala afiira ndipo utsi watha, basi zili bwino. Ifenso tinkaganiza choncho. Mpaka pano ndikakumbukira chitenje chija mtima umandiwawa.

Mwana muvekeni juzi, masokosi ndi chipewa, mugone naye pafupi. Juzi ya kaunjika mungaipeze pamsika wa ku Ulongwe.

Utsi wa nkhuni nawo si wocheza nawo. Tayang'anani denga la kukhitchini kwanu mmene ladera ndi mwaye, zomwezo n'zimene mwana amapuma ali kumbuyo inu mukuvundula nsima. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana osakwana zaka 5 amene amamwalira ndi chibayo, pafupifupi theka chimayamba chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Phikirani panja kapena pakhonde, nkhuni zikhale zouma, ndipo pokoleza moto musagwiritse majumbo kapena zidutswa za patapata. Mwanayo mupatseni wina amugwire mpaka muphule. Ngati mumaunikira koloboyi, nayenso amafuka usiku wonse. Ine ndinagula kanyale ka sola, ndikukhulupirira kanali mameticais 500 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mphuno za ana zinasiya kuda m'mawa.

Ndaona ena amene akuyankhani akuti mumufukize masamba a bulugamu atafunda bulangete. Mwana wamng'ono chonchi, chifuwa chavutika kale, ndi madzi owira pafupi? Ayi, anzanga, tisamalangize zinthu zotere. Amene anena zoti mumupatse uchi aiwalanso kuwonjezera kuti khanda losakwana chaka silipatsidwa uchi, mwina wina awerenga pano ali ndi wa miyezi isanu.

Chinthu choti muchite usiku uno: akagona phee, mukwezeni malaya muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu, wotchi ya pafoni ikukwanira. Wa msinkhu wakewo, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5, akamapuma ka 40 kapena kuposa, kumeneko n'kupuma mofulumira. Wa miyezi 2 mpaka 11 malire ake ndi 50. Mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa ndi kumwa, kapena wangolefuka, musadikire kuti kuche bwino, nyamukani kupita kuchipatala. Ngakhale zizindikirozi palibe, chifuwa cha masiku onsewa apite nacho akamupime, ndipo mukawauze anamwino za mbaulayo osabisa. Ngati chipatala chili kutali, yambirani kwa a APE, azaumoyo a m'mudzi mwanu, kuwerenga kapumidwe ka ana anaphunzitsidwa.