Amuna anga akuti mafilimu olaula akale anali ndi nkhani

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Matero mu Lusaka, ndipo ndakhala pabanja zaka 14. Tili ndi ana atatu. Amuna anga ndi munthu wabwino, mowa samwa mopitirira, ndalama ya pakhomo sabisa. Mwezi watha anabwera ndi fulashi, ndipo ana atagona anailowetsa mu laputopu nati tionere limodzi. Anali mafilimu olaula, koma akale, a azungu a tsitsi lalitali ndi mathalauza otambalala kumapazi. Iwo akuti izi si zonyansa zimene anyamata amatumizirana pa WhatsApp. Akuti akalewo anali mafilimu enieni, okhala ndi nkhani yoyambira ndi pothera, nyimbo, nthabwala, ndi anthu odziwa kuchita sewero. Akutinso zingatithandize poti kuchipinda kwazizira. Ndinaonera pang'ono kenako ndinatembenukira kukhoma. Sanandikakamize, koma anakhumudwa, ndipo apemphanso. Ine ndili m'chigwirizano cha amayi kutchalitchi ndipo mtima ukundigunda. Kodi ndivomere kuti banja lisagwedezeke, kapena ndikatule nkhaniyi kwa ankhoswe?

Mayi wa ku Matero

Mwanawanga,

Kwa ankhoswe usathamangire. Mwamuna amene wabweretsa chinthu poyera, wapempha, wakanidwa, osakukakamiza, sanafike poitanirwa akuluakulu. Ukatero udzamuvula pamaso pa abale ake, ndipo chimene adzaphunzire ndi kubisa basi.

Pa mbiri ya mafilimuwa, bambowo sakunama. Kuyambira cha m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku America mafilimu otere ankajambulidwa ndi makamera a sinema, n'kumaonetsedwa m'nyumba za sinema m'mizinda ngati New York. Anthu ankaima pamzere kugula matikiti, ndipo nyuzipepala zina zinkalemba za mafilimuwo monga zilembera ena onse. Munthu wolipira ndalama kuti akhale pampando kupitirira ola sungamupatse thupi lokha, atopa. N'chifukwa chake opanga ankalemba nkhani, kusoka zovala, kufuna oimba, ndi kupatsa anthu a m'filimumo mayina ndi mavuto awoawo. Zimenezi zinafa pamene matepi a VHS analowa m'nyumba za anthu. Kujambula kunatsika mtengo, woonera anali yekha pabalaza, ndipo anali ndi batani lothamangitsira tepi kudumpha zokambirana zonse. Intaneti inadzangomaliza, kusiya tizidutswa ta mphindi zochepa momwe mkazi alibe dzina, salankhula, ndipo nthawi zambiri amachitidwa nkhanza. Choncho akamati akale ndi osiyana ndi a pafoni, kusiyanako kulipodi, ndipo ine ndimakuona.

Koma pali china chimene okonda mafilimu akalewa sakonda kuchitchula. Filimu yotchuka kwambiri ya nthawi imeneyo inatuluka mu 1972, ndipo mkazi amene anatchuka nayo anali Linda Lovelace. Mu 1980 iye anatulutsa buku lofotokoza kuti mwamuna wake wa nthawi imene filimuyo inkajambulidwa, Chuck Traynor, ankamumenya ndi kumuopseza ndi mfuti kuti achite zimenezo. Mu 1986 anakabwereza mawuwo pamaso pa komiti ya boma la America yofufuza za zolaula. Ena amene anagwira naye ntchito anatsutsa mbali zina za nkhani yake, komabe mayiyu anakhala zaka zambiri akuchenjeza anthu za bizinesiyo. Pakanema ankaoneka akumwetulira. Nyimbo yabwino ndi nkhani yolembedwa mwaluso sizikuuza ngati munthu uja anafuna kukhala pamenepo kapena ayi. Amuna ako ayenera kuidziwa nkhani imeneyi, ndipo uwauze mofatsa, osati mowaponyera.

Lamulo nalo lilipo. Kuno ku Zambia ndime 177 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango, imaletsa kupanga kapena kusunga zinthu zolaula, mafilimu omwe, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 5 kundende. Lamuloli silifunsa chaka chimene filimu inajambulidwa.

Tsopano tibwere kwa iweyo, poti ndiwe wandilembera. Unatembenukira kukhoma. Thupi lako linayankha kale funso limene ukundifunsali. Za kuchipinda zimachitika anthu awiri akafuna, ndipo "sindikufuna" wako ndi chifukwa chokwanira, safunika vesi kapena loya womuikira kumbuyo. Ndaona amayi ambiri akuvomera zinthu zotere poopa kuti bambo apita kwina. Amagona chagada maso ali padenga, mtima uli kutali, ndipo pakapita miyezi amayamba kunyansidwa ngakhale ndi dzanja la mwamuna wawo likawakhudza paphewa kukhitchini. Kuzizira kumene mumafuna kuchotsako kumangowirikiza. Usavomere chifukwa cha mantha.

Komabe usataye mawu amene anakuuza, chifukwa mwa onse amene walemba ndi amenewo andigwira mtima: kuchipinda kwazizira. Mwamuna wa ku Matero kuti atsegule pakamwa n'kunena zimenezo kwa mkazi wake, wayamba walimbana nazo nthawi yaitali. Ambiri sanena, amangochedwa kubwera kunyumba. Ndipo tamvetsera zimene akuyamikira m'mafilimu akewo. Sakutchula matupi. Akutchula nkhani, kucheza, kuseka, anthu awiri kuyang'anana asanakhudzane, zinthu kuchitika mosathamanga. Ine ndikumva munthu amene walakalaka kufunsirana kuja kwa pachibwenzi, koma alibe mawu opemphera, ndiye wabwereka fulashi kuti imulankhulire. Zaka 14, ana atatu, kudzuka mbandakucha kukasaka minibasi, magetsi kuzima nsima isanapse, kufika pabedi onse muli mitembo. Chikondi chimafuna nthawi, ndipo nthawiyo mwakhala mukuipereka kwa aliyense kupatula inu awiri.

Alangizi athu ankazidziwa izi kalekale kusanabwere kanema. Mikanda ya m'chiuno sanaipangire kuti ikhale m'kabati. Ntchito yake ndi kuchedwetsa manja a mwamuna, kuti aseweretse, awerenge, afunse tanthauzo la mtundu uliwonse. Madzi ofunda, kansalu kapadera, kumetana, kuthokozana pambuyo pake, zonsezi ndi njira zopangitsa kuti anthu awiri asamangogundana mumdima ngati alendo m'basi yodzaza. Cholakwika n'chakuti malangizowa timawakhuthulira mkazi yekha pa kitchen party, mwamuna n'kungouzidwa mawu awiri atatu, kenako tonse n'kukhala chete moyo wonse. Ngati pali mlangizi wachikulire amene nonse mumamulemekeza ndipo pakamwa pake mpotseka, pitani awiri. Kumeneko sikukasuma, n'kukakumbutsidwa.

Nkhaniyi usaiyambe pabedi, kapena laputopu ili yotsegula. Sankha masana Loweruka ana atapita kwa agogo awo, muli pakhonde kapena mukuyenda. Uwauze kuti, "Bambo, zija munanena kuti kwazizira ndazimva, ndipo nanenso ndikuziona. Mafilimu aja sindiwafuna, amandichotsa mtima. Koma inuyo ndikukufunani." Kenako uwafunse chimene asowa, ndipo iwenso unene chako, poti nawenso uli ndi thupi ndipo pali zimene umalakalaka zomwe sunawauzepo. Ngati chimene akonda ndi nkhani yabwino ya chikondi, mafilimu otere alipo ambiri osavula aliyense. Pitani kusinema m'tauni awiriwiri, mugwirane manja mumdima, mubwerere mochedwa.

Zikasintha, iwo n'kuyamba kukuumiriza, kukuopseza kuti akwatira wina, kufuna kuti uchite zimene waona pakanema iwe usakufuna, kapena kufuna kukujambula, pamenepo nkhani yakula. Itana ankhoswe, ndipo dziwa kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit, komanso lamulo la 2011 loletsa nkhanza za m'banja limakuteteza. Kujambulana kokha ukane ngakhale atakunyengerera bwanji, chifukwa foni imabedwa, imapita kokonzetsa, ndipo banja likasokonekera zithunzi zimasanduka chida.

Za fulashiyo usadikire Loweruka. M'nyumba muli ana atatu, ndipo mwina laputopu yomweyo ndi imene amalembera ntchito ya kusukulu. Uwapemphe bambowo lero kuti aichotse m'nyumbamo ndipo aonetsetse kuti palibe chimene chinatsalira m'makinamo.

Azakhali