Achimwene a ku Moatize, njerwa zidikire kaye

Achimwene ena a ku Moatize, kufupi ndi mzinda wa Tete kuno ku Mozambique, anditumizira imelo. Akufuna kumanga tizipinda tosungiramo katundu m'dera la mafakitale, toti munthu azilipira pamwezi n'kutseka ndi loko wakewake. Wina akuwagulitsa malo, ndiye akufunsa ngati angayambe kumanga, mapepala azibwera pambuyo.

Ayi achimwene, musayambe. Koma maganizo anuwo musawataye, chifukwa tizipinda timeneti tikanapulumutsa mlamu wanga.

Mlamu wangayo ankagula nyemba ndi mbatata ya kachewere ku Angónia ndi ku Tsangano n'kumadzagulitsa mumzinda wa Tete. Poika katundu analibe. Anabwereka kontena yachitsulo kwa munthu wina ku Matundo, yopanda ndi kabowo kamphepo komwe, ndipo inu mukulidziwa dzuwa la kuno mu Okutobala ndi Novembala, lopitirira madigiri 40. Mbatata inaola, fungo mpaka kumsewu. Mwini kontena anakana kubweza ngakhale metikali imodzi. Matumba a nyemba amene anatsala anakawaika kwa mnansi ku Chingodzi. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, mtsinje wa Revúboè unasefukira mpaka kugwetsa mlatho, ndipo madzi analowa m'nyumbamo. Mpamba wonse unathera pomwepo. Mchemwali wanga anagulitsa makina ake osokera kuti abweze ngongole, ndipo mlamuyo lero amanyamula anthu panjinga yamoto. Ndikamuona ataima pasiteji, mtima umandiwawa.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti malo alipo. Chiyambire kukumba malasha kwa kampani ya Vale mu 2011, nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zamangidwa, koma n'zamakampani. Mayi amene amaoloka ndi matumba ake pa zipata za m'malire a Malawi za Zóbuè kapena Calómuè sangalowemo. Ndiye yendani mumsewu wa Tete kupita ku Moatize muone mipanda yotchinga tchire. Anthu anatchinga n'kukhala pansi, akudikira mtengo ukwere. Ine ndikuti kumeneko n'kubera mzinda, ndipo makhonsolo aziwalanda malowo n'kupatsa anthu ofunadi kumanga ngati inu.

Paja lamulo silibisa. Malamulo aakulu a dziko lino ndi Lei de Terras (lamulo la za malo) ya 1997 amati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo siikidwa chikole. Chimene munthu amapatsidwa ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo. Pa bizinesi umafika zaka 50 ndipo umatha kuwonjezedwa. Ungathe kugula nyumba kapena zomangidwa pamalopo, koma tchire lopanda kanthu ayi. Tsono amene akukugulitsaniyo akugulitsa chiyani? Kapepala kolemba pamanja kokhala ndi mboni ziwiri sikadzakuimirirani tsiku limene wina adzabwere ndi DUAT ya malo omwewo, kapena khonsolo ikadzalemba pakhoma panu kuti ntchito iime. Simenti yanu idzaumira m'matumba mukuyenda m'maofesi.

Ndipo anthu oyandikana nanu musawadumphe. A ku Moatize atopa kale ndi fumbi la malasha, ndipo nkhani ya mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha sanaiiwale. Mukawabweretsera malole usiku osawauza, adzakukanani, ndipo ine ndidzakhala mbali yawo. Kakhaleni pansi ndi a secretário a bairro (mkulu woyang'anira dera lanu), mufotokoze kuti geti izitsegulidwa nthawi yanji ndiponso kuti mafuta ndi mankhwala oopsa simuzisunga.

Tsono poyambira

Pitani ku Conselho Municipal (khonsolo) ya Moatize mukafunse ngati pulani ya mzinda imalola nyumba zosungiramo katundu pamalopo, komanso kuti malowo ali m'dzina la ndani. Kenako mupemphe DUAT m'dzina lanu. Pulani ya nyumba ijambulidwe ndi katswiri wovomerezeka, mupeze licença de construção (chilolezo chomangira). Za chilengedwe, lamulo la Decreto 54/2015 limagawa ntchito m'magulu A+, A, B ndi C, ndipo gulu lanu amasankha ndi a ofesi ya zachilengedwe. NUIT (nambala ya msonkho) mukhale nayo, alvará (chiphaso cha bizinesi) mukafunsire ku BAÚ (ofesi ya boma yopereka ziphaso). Ndalama iliyonse imene mwalipira, tengani lisiti. Pojambulitsa pulaniyo muwauze akweze maziko, ndipo chipinda chilichonse chikhale ndi polowera mphepo.