Malata odontha m'bandakucha ndi nguwi pakhoma: yankho kwa mayi a ku Nkhotakota

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati nyumba yanu ku Nkhotakota ndi ya njerwa zootcha, yofolera malata, yopanda siling'i. Masana mumatentha zedi, m'bandakucha malata amadontha ngakhale mvula isanagwe, khoma la kuchipinda lachita nguwi, ndipo zovala za mu wadilopu zikununkha chuku. Achimwene anu a ku Manchester akuti muike insulation (zotchinga kutentha kuti kusadutse) ndi pulasitiki mkati, mutseke paliponse polowera mpweya. Ndiye mukufunsa ngati zimenezi zingathetse vutoli.

Insulation ichepetsa kutentha ndipo ikhoza kuletsa kudonthako, koma madzi siichotsa m'nyumba. Nguwi ya pakhomayo mwina siigwedezeka n'komwe. Musanagule kanthu, dziwani kaye kumene madziwo akuchokera, chifukwa a kudenga ndi a pakhoma nthawi zambiri sachokera kumodzi.

Ndiyambe ndi denga. Malata anuwo sanabooke, musalole munthu akudyereni ndalama yomata phula pamisomali. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri osaoneka. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imatha kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi, koma pa madigiri 20 imangokwanitsa 17. Kwanuko m'mphepete mwa nyanja mpweya umakhala utakhuta kale. Usiku kukayera, malata amataya kutentha msanga n'kuzizira kuposa mpweya wa m'nyumba. Mpweya uja ukagunda chitsulo chozizira umatula madzi ake pomwepo, amasonkhana m'mizere ya malata, kenako tho! tho! pa neti ya udzudzu. N'chimodzimodzi ndi botolo lochokera m'firiji likamachita thukuta, kapena mame pa udzu. Nyumba za agogo athu zofolera udzu sizinkachita zimenezi chifukwa udzu wokhuthala suzizira msanga, ndiponso mpweya umadutsamo.

Apa m'pamene insulation imagwira ntchito. Yodziwika kwambiri ndi foyilo yonyezimira ija amisiri amati sisalation. Malata akuda bii pa dzuwa la Okutobala amatha kupitirira madigiri 60, ndipo foyiloyo imaletsa kutentha kumeneko kutsikira pamutu panu. Koma ndaona ambiri akuiika molakwika. Mbali yonyezimirayo imafuna mpata wa mpweya, masentimita osachepera 2 kapena 3. Ikapanikizidwa pakati pa malata ndi thabwa popanda mpata, mwangogula pepala lodula. Iyalidwe kuyambira m'munsi kukwera kumtunda, ya pamwamba izivundikira ya pansi masentimita ngati 15, kuti dontho likagwerapo litsetserekere panja, osati m'chipinda. Poti denga lanu linakhomedwa kale, zitanthauza kuzula malata kapena kuikhoma kunsi kwa mapulanga. Ngati thumba silikulola chaka chino, penti yoyera ya padenga imathandiza ndithu pa kutentha kwa masana, ngakhale kudontha siiletsa.

Mukadzaika siling'i, chonde musaiwale kuti m'dengamo muzipita mphepo. Ine ndinalakwitsa pomwepa pa nyumba yathu ku Salima. Tinakhoma siling'i yokongola, mmisiri n'kutseka ndi njerwa mpata wonse wa pakati pa khoma ndi malata, osasiya kabowo ngakhale kamodzi. Kudontha sikunathe, kunangobisika. Pofika dzinja lachiwiri siling'i inali ndi mawanga achikasu, mabolodi ena atayamba kulendewera. Tinaboola maventi awiri m'makoma a m'mbali, pansi penipeni pa nsonga ya denga, n'kuwatchinga ndi sefa kuti mileme ndi makoswe zisalowe, ndipo mawanga atsopano sanabwerenso. Ngati mudzayala insulation yonga thonje pamwamba pa siling'i, dziwani kuti ikanyowa mphamvu yake imatha, imasanduka chinkhupule chosunga madzi pamutu panu.

Tsopano khoma, lomwe ine likundidetsa nkhawa kuposa denga. Chitani ichi sabata yomwe ino, sichifuna ndalama. Pukutani pamalo ponyowapo, dulani pulasitiki yoonekera yaikulu ngati pepala la kope, muimate ndi tepi mbali zonse zinayi osasiya mpata. Idikireni masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, mbali yoyang'ana m'chipinda, madziwo akuchokera mu mpweya wa m'nyumba. Akakhala mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, ndiye kuti khomalo likumwa madzi, kuchokera pansi kapena kwa mvula yowomba panja.

Madzi okwera kuchokera m'nthaka ali ndi zizindikiro zake. Chinyonthocho chimayambira pansi n'kulekezera cha m'chiuno, sichikonda kupitirira mita imodzi, ndipo chimasiya mzere ngati wa madzi osefukira. Penti imatupa, pulasitala imafumbutuka, pamatuluka zoyera ngati mchere. Njerwa yootcha imayamwa madzi monga chingwe cha nyali chimayamwira palafini. N'chifukwa chake pomanga amayala pulasitiki yakuda ija ya DPC pamwamba pa maziko, ndipo imayenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Amisiri ena amaidumpha kuti apulumutse ndalama, mwini nyumba osadziwa. Koma kawirikawiri DPC imakhalapo, kungoti tinaikwirira tokha: tinaunjika dothi la maluwa kukhoma, kapena khonde linamangidwa lalitali kuposa pamene pali pulasitikiyo. Zungulirani nyumba yanu mvula ikugwa muone kumene madzi a padenga akugwera. Ngati akugwa pafupi n'kumathovukira kukhoma kapena kudikha pamaziko, vuto lanu ndi limenelo. Chotsani dothi lounjikana, kumbani ngalande yopititsa madzi kutali, ikani magata, ndipo simenti yozungulira nyumba ikhale yotsetserekera kunja.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: khoma lonyowa musalipake penti ya mafuta, musalimatenso matailosi kuti mubise. Madziwo akasowa potulukira amangokwera m'mwamba, chaka chamawa mzere uja mudzaupeza pamwamba pa matailosi. Laimu ndi wabwino kuposa, chifukwa khoma limapuma ndipo nguwi siimukonda. Komanso pamafunika kudekha. Amisiri amawerengera mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka aliwonse a kukhuthala kwa khoma, kotero khoma la masentimita 23 lingatenge miyezi 9 kuti liume bwino mutatseka kale gwero la madzi.

Ngati pulasitiki yoyesera khoma ija yanyowa mbali yoyang'ana m'chipinda, yang'anani zochitika m'nyumbamo. Zovala zoyanika m'chipinda nthawi ya mvula zimatulutsa madzi onse amene zinali nawo, ndipo sapita kwina, amalowa m'makoma ndi m'matiresi. Kilogalamu imodzi ya gasi ikayaka imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka, osawerengera nthunzi ya mphika wa nyemba. Onjezani mpweya wa anthu ogona atatseka mawindo. Ndiye ambiri tinatseka maventi a pamwamba pa mawindo ndi manyuzipepala poopa udzudzu. Malungo ku Nkhotakota si nkhani yamasewera, ndikumvetsa, koma chotsani mapepalawo muikepo sefa. Wadilopu isunthidwe masentimita 10 kuchoka kukhoma, zitseko zake muzizisiya zotsegula masana. Matiresi asagone pa simenti. Dzuwa likawala, tsegulani mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse.

Za malangizo a achimwene anu, iwo sakunama, akunena za kumene akukhala. Ku Britain panja pamazizira, m'nyumba mumafunda, ndiye chinyontho chimayenda kuchokera mkati kupita kunja, ndipo pulasitiki amaiika mbali ya mkati kuti chisalowe m'khoma. Kwathu kuno nthawi ya dzinja mpweya wonyowa uli panja. Munthu akaika makina oziziritsa m'chipinda, chinyontho chimayenda kuchokera kunja kulowa mkati, n'kukatsekeredwa kuseri kwa pulasitiki kapena penti ya mafuta ija, nguwi n'kumamera pobisika. Ndipo m'nyumba yopanda makinawo, kutseka paliponse ndi kudzitsekera ndi nthunzi yanu yomwe. Palinso choopsa china: mbaula ya makala m'nyumba yotsekedwa imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Musayese kuumitsa chipinda ndi mbaula.

Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa hygrometer koyeza chinyontho cha mu mpweya. Chikakhala pansi pa 60 peresenti zinthu zili bwino, chikamakhalitsa pamwamba pa 70 nguwi imapeza pokhala. Koma musadabwe mukaona nambala yokwera mu Januwale ndi Febuluwale mawindo ali otsegula, poti mpweya wa panja nawo ndi wonyowa. Miyezi imeneyo cholinga n'chakuti mpweya uziyenda, pasakhale ngodya yofundira. Fani siichotsa madzi koma imathandiza pamenepa. Dehumidifier (makina oumitsa mpweya wa m'nyumba) imachotsadi madzi, koma imafuna chipinda chotseka ndi magetsi okhazikika, ndiye ine ndingaiike kumapeto kwa zogula.

Nguwi imene ilipo kaleyo isadikire zonsezi, makamaka ngati m'nyumbamo muli mwana wa mphumu kapena wokhosomola pafupipafupi. Asagone m'chipindamo mpaka mutatsuka. Sungunulani Jik m'madzi, valani magolovesi, phimbani mphuno, mawindo ali otsegula, ndipo musakwechepo pouma chifukwa fumbi lakelo ndi limene limalowa m'chifuwa. Jik musaisakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, zimatulutsa mpweya wapoizoni. Zovala ndi matiresi zikaone dzuwa tsiku lonse.

Ikanakhala nyumba yanga, ndikanayamba ndi ngalande, magata ndi maventi, zomwe n'zotchipa, kenako foyilo ndi siling'i pakati pa Ogasiti ndi Okutobala mitengo ya denga ili youma. Matani pulasitiki yoyesera khoma ija lero, ndipo pakatha masiku awiri mutiuze mbali imene yanyowa. Mutumizenso chithunzi cha khomalo chojambulira panja, chooneka bwino pamene lakumana ndi nthaka.