Mwanayo musamuletse, kakwereni naye sitimayo

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinaseka ndekha pakhonde mpaka mayi akunyumba anasuzumira kuti aone chachitika n'chiyani. Mwati abambo akwanu amakonda sitima, madzulo amangoti maso pa foni kuonera mavidiyo a sitima, ndiye mnyamata wanu wazaka zinayi watengera. Nsapato za m'nyumba monse amazindandalika kuti ndi mabogi, akamva hutala amasiya ngakhale phala. Mukufunsa ngati zimenezi zili bwinobwino, komanso komwe mungapite naye poti mumakhala ku Blantyre.

Ndiyankha ngati mwana amene anali choncho, komanso ngati bambo amene pano ali ndi mwana wotero.

Ine ndinakulira ku Balaka. Malemu bambo anga ankagwira ntchito panjanji, osati yoyendetsa ayi, koma ija yoyenda wapansi ndi nyundo ndi chisipanala chachitali, kuyang'ana pamene pamasuka kapena pamene mvula yakokolola miyala. Anali munthu wosalankhula. Mukanatha kukhala nawo pamkeka madzulo onse, mawu otuluka pakamwa pawo n'kukhala akuti “madzi” basi. Koma wina akangotchula sitima, eee, mumaona munthu wina. Ankatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: apa Nsanje, imene azungu ankati Port Herald, apa Chiromo, apa Limbe, ndipo sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908. Kenako ankakoka mzere wautali kutsikira kumunsi n'kudutsitsa mtsinje, akuti uwu ndi mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wa 1935, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo chaka chomwecho njanji inakafika ku Salima. Ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala ankainena mwaulemu wapadera chifukwa inatsegulidwa mu 1970 iwo ali mnyamata, akuona ndi maso awo.

Ndili ndi zaka zisanu, 1908 ndinkaidziwa ngati dzina la munthu, sindinkadziwa kuti ndi chaka. Ndazindikira nditakula kuti chimene ndinkathamangira sichinali chitsulo chija kwenikweni. Ndinali nditatulukira khomo limene bambo ankatsegukira. Ndikafunsa za mpira ankangoti “kaya”, ndikafunsa za sitima ankandikhazika pamwendo. Mwana si wopusa, amaona msanga pamene maso a kholo lake amawalira, ndipo amakakhala pomwepo. Ndiye mukamuona mnyamata wanuyo akukoka nsapato pabalaza, muyang'anenso amene iye akumuyang'ana akamakoka. Ndikhulupirira mupeza kuti ndi bambo ake.

Nkhawa yanu ija yoti mwina pali vuto, sindikuinyoza. Koma ana a msinkhu umenewu kugwira chinthu chimodzi n'kukakamira si zachilendo. Wina ndi mathirakitala, wina ndi ndege, wina ndi ng'ombe za agogo ake. Ngati amalankhula molingana ndi anzake, mukamuitana amatembenuka, amasewera ndi ana ena ndipo amafuna kukuonetsani zimene wapanga, ine sindikuonapo choti mugonere nacho m'maso. Ngati chimodzi mwa zimenezi chikukukayikitsani, kafunseni kusikelo, ndiko kuli anthu odziwa, osati kuno kwa ife.

Tsopano ndinene za wanga. Ndi mtsikana, ali ndi zaka zisanu, ndipo azakhali ake anayesapo kundiuza kuti za sitima n'zachimuna, timugulire chidole. Chidolecho tinagula. Pano chimakhala m'bogi yachitatu, ndiye pasinjala. Timakhala ku Liwonde, kumene sitima za malasha zochokera ku Moatize ku Tete zimadutsa popita kudoko la Nacala. Zimenezo ndi zazitali zedi, mabogi amapitirira 100, ndipo mwana wangayu kuwerenga anaphunzirira pamenepo. Kumkaka anali asanadutse 20, koma sitima inamukakamiza, poti akafika pa 20 mabogi ankangobwerabe. Tsiku lina analira chifukwa anasokonekera pa 47, sitima osamudikira.

Mafunso ake ndi amene anandibwezera kwa bambo anga. Anandifunsa kuti chiwongolero cha sitima chili kuti. Ndinamuuza kuti kulibe, iye n'kundiyang'ana ngati ndikumunamiza. Ndiye ndinafotokoza monga anandifotokozera ine kale: matayala ake ndi achitsulo, ali ndi mlomo mkati umene umaletsa kuti asatsetsereke n'kuchoka panjanji, ndipo sanasemedwe mofanana, mbali yamkati ndi yokulirapo kuposa yakunja, motero pokhota amadzipezera okha njira. Woyendetsa ntchito yake ndi liwiro, mabuleki ndi hutala. Njira amamusankhira ndi amene amasuntha njanji pamphambano, monga pa Nkaya, pamene ina imalowera ku Balaka ndi Salima, ina ku Liwonde ndi Nayuchi, ina n'kutsikira ku Blantyre. Chimene chinamusangalatsa koposa n'chakuti mutu wa sitima umanyamula mchenga, ndipo njanji ikaterera ndi mvula umathira mchengawo patsogolo pa matayala kuti agwire. Sabata yonse ija mchenga unali paliponse m'nyumba mwathu. Mayi ake sanandiyamike.

Bambo ankatinso njanji yathu m'lifupi mwake ndi mafiti atatu ndi theka, kapena kuti mamilimita 1,067, chimodzimodzi ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Tinadula chingwe cha muyeso umenewo n'kuchiyala pabwalo, mwana n'kudabwa kuti chimphona chonse chija chimayenda pa kampata kochepa choncho. Muyesereni wanuyo, koma pabwalo la kwanu, osati panjanji.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule mosaseka. Mwana wokonda sitima ndi amene ali pangozi kuposa woiopa, chifukwa woiopayo amathawa yekha. Inu a ku Blantyre mukudziwa mmene njanji imadutsira pakati pa nyumba ndi misika, anthu n'kumaiyesa njira yachidule. Sitima yodzaza katundu, woyendetsa atamuona mwana panjanji n'kugwira mabuleki nthawi yomweyo, ikhoza kuyenda mtunda woposa kilomita isanaime, ndipo monga ndanenera, ilibe chiwongolero choti apatukire. Choopsa china ndi mabogi oima. Ana amalowa kunsi kwake kapena kudutsa pakati, osadziwa kuti mutu uli kutali uko ukhoza kukoka nthawi ina iliyonse popanda iwo kumva. Wanga ndinamuuza kamodzi momveka bwino kuti miyala ya njanji ija ndi malire, phazi lake lisaiponde pokhapokha dzanja lake lili m'dzanja langa. Ndipo amene ayenera kunena zimenezi kwa mnyamata wanu ndi bambo ake, chifukwa pa nkhani ya sitima iwowo ndi amene iye amawamvera.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinalakwapo. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndi anzanga tinkaika makobiri a wani tambala panjanji kuti sitima iwaponde aphwatalale. Mnzawo wa bambo anationa n'kukanena. Ndinakonzekera chikoti, mpaka ndinavala makabudula awiri. Bambo sanandikhudze. Anangosiya kulankhula nane za sitima. Ndikafunsa ankangoti “kaya”, ngati ndafunsa za mpira. Masiku atatu okha, koma mpaka lero ndikaona mwana akusewera panjanji ndimaimitsa njinga n'kumuthamangitsa ngakhale sindikudziwa kuti ndi wa ndani.

Za komwe mungapite, muli pabwino kuposa ambiri a ife. Yambirani ku Chichiri, kumalo osungirako zinthu zakale kuja. Panja pali mitu ya sitima yakale yoyendera moto ndi nthunzi, yaima phee, mwana akhoza kuiyandikira n'kuona matayala ndi chumuni popanda inu kugwira mtima m'manja. Bambo ake akamuonetse pamene ankasonkhera moto ndi pamene ankathira madzi, n'kumuuza kuti za lero zimayendera dizilo. Mukatero pitani pa siteshoni ya Limbe mukafunse tsiku ndi nthawi imene ya anthu imanyamuka, ndipo mukwere. Musayambe ndi ulendo wautali. Sitima yathu siithamanga, ndipo imaima malo ambiri, anthu akukweza matumba, njinga, nkhuku, ena akugulitsa mizimbe, nthochi ndi mandasi pawindo. Kwa mwana zimenezo ndiye zokoma, koma zimatopetsa. Mutenge madzi, kamba ndi chitenje chomufunditsa, akhale kuwindo koma inu mutamugwira, mutu ndi manja zisatuluke kunja.

Za foni ija, ine ndingachepetseko, osati chifukwa mavidiyowo ndi oipa, koma chifukwa poonera vidiyo aliyense amakhala chete. Auzeni abambowo asonkhanitse mabokosi a machesi, zitsekerero za mabotolo, waya ndi ulusi, akhale pansi ndi mwana wawo apange yawoyawo. Yathu ili ndi mabogi 11 ndipo awiri ndi a sopo. Inunso musadzipatule n'kumati izi n'zawo. Mayi akunyumba poyamba ankangoti “inu ndi masitima anuwo”, koma pano ndi amene amadula matikiti pakhomo la kuchipinda, ndipo wopanda tikiti sakagona.

Mwati mukuopa kuti akazolowera adzakana sukulu n'kumangofuna sitima. Ine ndinaikonda kuposa wanuyo ndipo ndinathera pa ntchito yosakhudzana n'komwe ndi njanji. Mwina chaka chamawa adzakhala atasamukira ku mpira. Zikadzatero, abambo akwanu ndi amene mudzafunike kuwatonthoza.

Ulendo woyamba wa mwana wanga tinaukonzekera mwezi wathunthu. Iye amaona sitima ikuwoloka Shire pa Liwonde ali pansi, ndiye chimene ankafuna n'chakuti tsiku lina akhale pamwambapo, aone madzi kunsi kwake, mwinanso mvuu. Tinapita ku Balaka pa minibasi dala, kukagona kwa amayi anga, kuti tikakwerere kumeneko pobwerera. Usiku sanagone, anadzutsa agogo ake kawiri kufunsa ngati kwacha. M'sitima anaimirira pampando njira yonse, kufunsa dzina la malo aliwonse, kubayibitsa mbuzi, kuuza amayi ena amene tinakhala nawo kuti agogo ake aamuna ndi amene ankamanga njanjiyi ndi sipanala. Titadutsa Nkaya anayamba kuyasamula. Ndinamugwedeza, ndinamupatsa mzimbe, ndinamuuza kuti mlatho watsala pang'ono. Tinawoloka Shire ali gone pachifuwa panga, mzimbe uli m'manja. Anadzuka tikutsika, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti mlatho uja tifika nthawi yanji. Mpaka pano amati ine ndi amene ndinamubisira, ndipo ndili ndi ngongole ya ulendo wina.