Funsani za Makompyuta: Pulogalamu yaulereyi siitifera m'manja?

FUNSO

Moni a Mkonzi. Ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Santhe, Kasungu. Zaka zitatu zapitazo bungwe lina linatiikira pulogalamu pa laputopu yolembera mamembala, matumba omwe aliyense wabweretsa ndi ngongole za mbewu, anati ndi open source palibe cholipira. Pulojekiti yawo itatha anapita, pano pulogalamuyo ikukana kutseguka pa laputopu yatsopano, talembera eni ake miyezi inayi kuli zii. Mwana wa a tcheyamani amene ali ku koleji watipezera ina yaulerenso, akuti ili ndi nyenyezi zambiri pa GitHub, tsamba la pa intaneti pomwe opanga mapulogalamu amaikapo ntchito zawo, ndiye ndi yodalirika. Koma ine mtima ukukana. Ndidziwa bwanji kuti nayonso siitithawa?

Mayi wa ku Santhe

YANKHO

Amayi, pepani ndi zomwe zakuchitikiranizi, ndipo mtima wanuwo ukukana bwino.

Ganizani za mjigo. Tsiku lotsegulira aliyense amayamikira kuti ndi watsopano, madzi akutuluka ambiri, koma kuti udzakhale ukutulutsabe madzi pakatha zaka 5 zimatengera komiti ngati imakumana, m'thumba muli ndalama za ma sipeya kapena ayi, komanso wodziwa kuukonza alipo mmodzi yekha kapena angapo. Open source ndi chimodzimodzi. Mawuwa amangotanthauza kuti code yake, malangizo olembedwa omwe amayendetsa pulogalamuyo, ili poyera, aliyense atha kuiwerenga, kuisintha, kuigawira ena. Satanthauza kuti pali wina amene analonjeza kuti azikukonzerani. Ndiye musamapime pulogalamuyo yokha, pimani anthu omwe akuisamalira.

Nyenyezi zomwe mnyamatayo akunena zili ngati ma like a pa Facebook, munthu amadina kamodzi n'kumapita osadzabwereranso, ndipo ena amachita kugula. Zimasonyeza kuti pulogalamuyo inatchukapo nthawi ina, basi.

Nkhani yopimayi anthu anaikhalira pansi. Mu 2017 bungwe la Linux Foundation linayambitsa gulu lotchedwa CHAOSS, ntchito yake ndi kupeza njira zodziwira ngati gulu la anthu opanga pulogalamu lili moyo kapena likufa. Muyeso womwe ine ndimayamba kuyang'ana umatchedwa bus factor, dzina lake ndi loopsa pang'ono chifukwa funso lake ndi loti anthu angati atagundidwa ndi basi ntchito yonse ingayime. Powerengera amaona kuti theka la ntchito yonse lagwiridwa ndi anthu angati. Akakhala mmodzi, pamenepo pali vuto ngakhale pulogalamuyo ikhale yokongola bwanji, munthu amadwala, amapeza ntchito ina, amatopa.

Ndipo izi sizichitikira tizipulogalamu ting'onoting'ono tokha ayi. Kuli kapulogalamu kotchedwa xz kamene kali m'makompyuta ambirimbiri oyendera Linux (mnzake wa Windows) padziko lonse, ndipo kwa zaka kamasamalidwa kwenikweni ndi munthu mmodzi osalipidwa. Kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, anathandiza pafupifupi zaka ziwiri mpaka anamukhulupirira n'kumupatsa makiyi, kenako anabisamo kakhomo kakuseri koti azilowera m'makompyuta a anthu. Mu March 2024 Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anadabwa kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, anafufuza ndi kukapeza. Theka la sekondi amayi! Chikanakhala kuti sanadabwe bwenzi nkhani ili ina. Mu 2014 nayonso OpenSSL, yomwe imateteza mawu achinsinsi pa intaneti, inapezeka ndi vuto lalikulu lotchedwa Heartbleed, anthu n'kudzadziwa kuti woigwirira ntchito tsiku ndi tsiku anali mmodzi ndipo zopereka zimangokwana madola pafupifupi 2,000 pachaka. Zimandipweteka ine kuti dziko lonse limatunga pa mjigo umenewu koma osonkha anali ochepa chonchi.

Ndiye muuzeni mnyamatayo atsegule tsamba la pulogalamuyo pa GitHub, apite pa Insights kenako Contributors, akuwerengereni mayina a omwe agwira ntchito m'miyezi 12 yapitayi, osati chiyambire. Akatero apite pa Issues, pomwe anthu amalembapo madandaulo, aone masiku. Munthu akafunsa amayankhidwa pakatha masiku angati, ndipo amayankhidwa mwaulemu kapena mokalipa? Gulu lomwe limanyoza wofunsa watsopano silipeza olowa m'malo, akuluakuluwo akatopa kwatha. Njira yabwino koposa, alembe funso lanu lenileni, monga ngati imagwira popanda netiweki, mudikire masabata awiri. Bando yake ndi yochepa koma mudziwa zambiri. Aonenso kuti version yomaliza inatuluka liti, ngakhale apa ndisakunamizeni, kapulogalamu kakang'ono kogwira ntchito imodzi katha kukhala chete chaka chonse chifukwa palibe chokonza. Koma yosunga ngongole za anthu ikakhala chete zaka ziwiri madandaulo ali mbwee osayankhidwa, isiyeni.

Funsaninso kuti akulipira ndani. Ngati onse ogwira ntchito amalipidwa ndi kampani imodzi kapena wopereka thandizo la ndalama mmodzi, tsiku lomwe wasintha maganizo mukhala ngati mmene mulili panomu. OpenOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, inali m'manja mwa kampani ya Sun, Oracle itagula Sun mu 2010 ambiri mwa okonza ake anatuluka n'kuyambitsa LibreOffice, ndipo lero LibreOffice ndiyo imatulutsa zatsopano pafupipafupi pomwe OpenOffice yatsala ndi dzina lodziwika koma ikuyenda pang'onopang'ono. Anatha kutero chifukwa anali ambiri, ndipo code inali poyera.

Pali china chomwe GitHub singakuuzeni, kuno kwathu akuidziwa ndani? DHIS2, pulogalamu ya open source yosunga ziwerengero za zipatala imene imagwiritsidwa ntchito ndi unduna wa zaumoyo, imayendetsedwa kuchokera ku University of Oslo ku Norway, koma chomwe chimaipatsa mphamvu kuno ndi choti m'maboma mwathu muli anthu omwe anaphunzitsidwa, ikavuta pali womuimbira. Yanuyo ikavuta m'mwezi wa June alimi ali pamzere ndi matumba, mudzaimbira ndani? Ngati yankho ndi mwana wa a tcheyamani yekha, bus factor ya kopaletivi yanu ndi 1, aphunzitse enanso awiri asanabwerere ku koleji. Funsani ma kopaletivi a kwa Chamama kapena ku Mchinji zomwe akugwiritsa ntchito, mukakhala ambiri pa imodzi mumathandizana.

Ndipo musalandire pulogalamu yomwe singatulutse zolemba zanu zonse mu fayilo ya CSV kapena Excel yomwe mapulogalamu ena atha kutsegula, muyese nokha tsiku loyamba.

Za laputopu yakaleyo, chonde musaigulitse kapena kuifufuta. Mayina ndi ngongole zija zikhoza kukhala zilimobe m'kati mwa fayilo ya database, momwe pulogalamu imasungira zolemba zake, ngakhale pulogalamu ikukana kwinako, ndipo poti ndi open source wodziwa atha kuziwerenga. Pezani munthu ku Kasungu boma akopere hard disk yonseyo pa fulashi kaye asanayese china chilichonse, mudzatilembere dzina la pulogalamuyo tione ngati pali ena anaitola n'kuipitiriza.