Mwalipira kuti mukapume, osati kukathamanga

Mayi wina wa ku Joni wanditumizira imelo, akuti Disembala akukwera sitima yapamadzi ya kampani ya MSC yochokera ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, iwo, bambo akunyumba, ana atatu ndi apongozi. Zochita zachuluka, ayambe ziti?

Mayi, funso lanuli landikumbutsa mlamu wanga. Ife titapita pa ulendo ngati womwewu mkuluyu anabwera ndi ndandanda pafoni, 7 koloko kadzutsa, 9 koloko jimu, kenako bingo, kenako kuphunzira kuvina, ngati tili ku sukulu yogonera konko, ndiye pofika tsiku lachiwiri ana akungolira, mkazi wake sakumuyankhula, iyeyo ali kalikiliki kutisaka m'makhonde kuti tachedwa. Amene ananjoya anali agogo. Anangopeza mpando pamwamba n'kukhala phee kuyang'ana madzi. Iwotu sitima amaidziwa ndi Ilala, ankakwera kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma atakhalira matumba a chimanga, ndiye kuona sitima ya ma lifti ndi dziwe losambiramo pamwamba ankangoseka okha. Paja Ilala ija yakhala pa nyanja yathu kuyambira 1951, ife timangoinyoza koma yalera mitundu.

Ine ndinene mosabisa, banja loyenda chigulu tsiku lonse m'sitima limabwerako litakangana. Mwana wa zaka 14 sangafune zomwe apongozi akufuna. Asiyeni abalalike! Pothawira palibe, ndi madzi okhaokha.

Ndiye zofunika ndi ziti?

Tsiku la pachilumba, basi. Zina zonse zimabwerezedwa mawa lake koma ilo ndi limodzi, ndipo sitima siifika pagombe, amakutsitsani pa timaboti, mphepo ikavuta amatha kulepheretsa ulendowo. Dzukani m'mamawa, tsikani msanga, apongozi muwafunse kaye ngati mawondo angalole. Zophunzitsa chitetezo za tsiku loyamba n'zokakamiza, musabisale. Ana ang'ono alembetseni ku kalabu ya ana tsiku lomwelo. Madzulo muzidya limodzi nonse, kenako shoo ya mu holo poti ndi yolipiriratu. Zakumwa, intaneti ndi zithunzi amadula pa khadi ya chipinda m'madola, ndiye anawo auzeni mudakali pa Durban pomwepo kuti khadiyo si yoseweretsa. Mugulenso mapiritsi a chizungulire ku famase musanakwere, nyanja ya kumeneko ikalusa ngakhale bambo akunyumbawo akagona osadya.